Turbo ya pa sukata pa Starlet yanga: ndiyambire pati?

WaDomue
Abale, ndabwera ndi funso, ndipo ndikupempha kuti ondiyankha akhale oti sipanala anaigwirapo. Ndili ndi Toyota Starlet ya injini ya 4E-FE, ija ya 1.3. Ndimakhala ku Domue. Masiku onse ndimanyamula anthu kupita pa Ulongue, ndipo kawiri pamwezi ndimatsikira ku Tete ndi mbatata ndi nyemba. Pobwerera ndimatenga mchere, mafuta ophikira ndi sopo za m'golosale ya mlamu wanga. Kutsika kulibe vuto. Vuto limayamba ndikangokhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera. Pomwe anzanga akudutsa ndi giya 4 ine ndili pa giya 2, injini ikulira, singano ya kutentha nayo ikusuntha pang'onopang'ono.

Sabata yatha ndinapeza turbo pa sukata ina, pogulitsira zitsulo za magalimoto akutha, cha ku Matundo, yochoka pa Hilux yakale ya dizilo, injini ya 2L-T. Ndinagula pa 3,500 meticais. Panopa ili kuchipinda, ndaikulunga ndi chitenje kuti isalowe fumbi. Ndili ndi mnyamata wodziwa kuwotcherera amene akuti mapaipi a ekizozi apanga yekha. Ndiye alipo anachitapo zimenezi pa injini yaing'ono? Ndiyambire pati, nanga chimene chingandiphere injini n'chiyani?

Kachewere77
Gulitsani turboyo mugule matayala.

WaDomue
Matayala ndinagula mwezi watha achimwene. Lero ndikufunsa za turbo.

MwanaWaZobue
Ikani basi, musamvere anthu amantha. Eni ake a Toyota anaika turbo pa injini yomweyo. Starlet GT Turbo ndi Glanza V zili ndi 4E-FTE, 1.3 yomweyo, mphamvu ya akavalo 135. Ngati ku Japan zinatheka, ife tili ndi manja angati?

Mestre_Matundo
Mwana wa ku Zobue wanena zoona, koma wasiyira panjira. Toyota sanatenge injini ngati yanuyo a WaDomue n'kungopachikapo chitsulo. Anasintha mapisitoni. Yanuyo imapanikiza mpweya ka 9.6, ya Glanza ka 8.2 kokha. Anaika mainjekita okulirapo, kompyuta ina, sensa ina, ndi intercooler yoziziritsa mpweya pamwamba pa injini, n'chifukwa chake boneti ya Glanza ili ndi kukamwa kuja.

Ndikufotokozereni monga ndimafotokozera anyamata anga pa ofisina. Mphamvu imachokera ku petulo wopsa, ndipo petulo sapsa popanda mpweya. Galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Ntchito ya turbo ndi imodzi yokha, kukankha mpweya wochuluka. Mukaika kuti izipanikiza mpweya pa 0.5 bar, injini ya 1.3 imapuma ngati ya pafupifupi 2.0. Tsono petulo wowonjezerayo apereka ndani? Kompyuta yanu imadziwa kuchuluka kwa mpweya kudzera pa kasensa ka MAP, ndipo kameneko anakapanga kuti kawerenge kulekezera pa mpweya wa panjawu. Ukapitirira pamenepo kompyuta yachita khungu. Ina imadula petulo galimoto n'kumadumpha, ina imangopitiriza kupereka wochepa.

Petulo akachepa, moto wa m'silinda umakalipa ndipo umaphulika pawokha nthawi isanakwane. Mumamva ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Kaphokoso kameneko n'kamene kamaswa m'mphepete mwa pisitoni momwe mumakhala maringi. Turbo ikamakankha timafuna petulo wochulukirapo, magalamu 12 kapena 11.5 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, kuti aziziritse mkati, komanso moto wa mapulagi uchedwetsedwe pang'ono. Wowotcherera wanu zimenezi sangawotcherere.

Koma musanapite patali ndiyankheni ichi: singano ija inayamba liti kusuntha?

WaDomue
Zikomo a Mestre, ndawerenga kawiri. Singano inayamba chaka chatha mvula itangotha. Ndimathira madzi pang'ono sabata iliyonse.

Mestre_Matundo
Madzi amenewo akupita kuti? Sungani funsolo, tibwereranso.

DizeloMoatize
Ine ndimagwira pa makina akuluakulu a dizilo kuno ku Moatize, ma turbo ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Imene mwagulayo ikuyenera kukhala CT20. Anaipangira injini ya 2.4. Turbo imazunguliridwa ndi utsi, ndiye utsi wa 1.3 n'ngochepa kuti uidzutse msanga. Idzayamba kukankha singano ya ma rev ili pamwamba, cha m'ma 4,000. Inu vuto lanu lili pa 2,000 mpaka 2,500, mutasenza mchere, muli pa chitunda. Pamenepo idzangokhala ngati chotsekera mu ekizozi, galimoto idzalemera kuposa lero. Kenako ikadzuka idzabwera nthawi imodzi, ndipo sipuling'i ya wastegate ya dizilo, kachitseko kotaya utsi kuti turbo isakankhe mopitirira, kawirikawiri imatseguka itapitirira kale 0.5 bar, pomwe mapisitoni anu afika kale m'mavuto.

Chachiwiri ndi kutentha. Utsi wa dizilo umakhala cha m'ma 600 kapena 700 madigiri injini ikamagwira mwamphamvu, wa petulo umatha kupitirira 900. Chitsulo chakale chimene chagwira kale ntchito zaka zambiri chimang'aluka, makamaka pa kabowo ka wastegate.

Ivundukuleni m'chitenjemo muchite izi. Gwirani kanati ka pakati pa mapiko ndi zala ziwiri. Kugwedezeka pang'ono cham'mbali n'kololeka chifukwa mulibe oyilo, bola mapiko asakhudze khoma. Koma mukakoka kutsogolo ndi kumbuyo musamve kusewera. Muone ngati mapiko ali obenthuka, komanso ngati mbali yotulukira mpweya muli oyilo wonyowa.

WaDomue
Ndachita. Cham'mbali ikugwedezeka pang'ono, siikukhudza. Kutsogolo ndi kumbuyo sindikumva kanthu. Mapiko ali bwino, koma phiko limodzi lili ndi kachizindikiro ngati panadutsa mchenga.

DizeloMoatize
Ndiye ndi yamoyo. Ndi yabwino, koma si ya galimoto yanu.

Aphunzitsi_Tsangano
Ndilowererepo ngakhale sindine makaniko, ndimaphunzitsa fizika. Pali chinthu chimene a WaDomue akumva chomwe si matenda a galimoto. Mzinda wa Tete uli pansi, sufika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere. Ulongue ili cha m'ma 1,300. Munthu akamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse. Ndiye pofika kwathu kuno mwataya kale magawo opitirira 10 pa 100, galimoto ili bwinobwino. Maganizo a turbo sali olakwika ayi. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa nzeru imeneyi mu 1905, ndipo inathandiza kwambiri ndege chifukwa cha vuto lomweli la mpweya wopepuka kumwamba.

Koma mpweya ukapanikizidwa umatentha, gwirani pampu ya njinga mutapopa tayala mumve. Mu Okutobala ku Tete kumapitirira madigiri 40. Mpweya umenewo turbo ikaufinya pa 0.5 bar umatuluka uli pafupi ndi madigiri 100. Wotentha chomwecho ndi umene umayambitsa timiyala ta m'chitini timene a Mestre anena. Choncho galimoto imene mwaiyesera kuno kozizira n'kuoneka yabwino ikhoza kukafera pa mlatho wa Samora Machel masana.

MwanaWaZobue
Intercooler ilipo chifukwa cha zomwezo aphunzitsi. Za ma Hilux ndi ma Isuzu zili mbwee pa sukata.

NaPhiri_Ulongue
Pepani abambo, ndimangowerenga sindilemba, koma apa sindikhala chete.

Bambo a kunyumba kwanga anachita zomwe mukufuna kuchitazi, pa Corolla ya 5A. Inali galimoto yathu yokhayo, ndi imene inkatidyetsa. Makaniko wina anawalonjeza kuti milungu iwiri yokha. Inatha miyezi itatu, tsiku lililonse kukufunika kachitsulo kena. Itatuluka inkathamangadi, sindikana. Inkalira kafiyooo akasintha giya, ana a m'mudzi ankaithamangira, iwonso nkhope inali yowala. Zinatenga masiku 19.

Tsiku limenelo ndinali momwemo, tikuchokera ku Tete ndi katundu wa sitolo. Dzuwa linali litapendeka. Tili pakati pa chitunda ndinamva kaphokoso ngati mtedza ukukazingidwa m'chiwaya, ndinawafunsa, anati ndi mmene imalirira. Sipanapite mphindi ziwiri galimoto inatsokomola, utsi woyera ndi wabuluu unadzaza kumbuyo konse mpaka lole imene inkatitsatira inayatsa magetsi. Tinagona pamsewu, ine nditakumbatira makatoni kuopa akuba. Atamasula injini anandionetsa pisitoni yachitatu, m'mphepete inali yodyeka ngati chimanga chofumbwa, ringi itathyoka patatu. Ndinaigwira ndi manja angawa.

Galimotoyo inakhala pansi pa mtengo wa mapeyala chaka ndi miyezi iwiri. Chaka chimenecho ndinagulitsa chimanga chonse cha m'nkhokwe mu Meyi, mtengo uli pansi, kuti mwana wathu wamkulu asasiye sukulu. Sindikuti musachite. Ndikuti mukafunse kaye mayi a kunyumba, chifukwa ikafa nawonso adzagona pamsewu.

MwanaWaZobue
Pepani mayi ndi zomwe zinakuonekerani. Koma amene analakwa ndi makaniko, osati turbo.

NaPhiri_Ulongue
Mwana wanga, nayenso makaniko uja ankayankhula motsimikiza ngati iweyo.

Kachewere77
Mwamva? Ndinanena ine poyamba.

Magetsi_Furancungo
Nanga turbo ija ya magetsi imene amatsatsa pa Facebook? Kafani kolowetsa pa paipi ya mpweya, kongolumikiza ku batire. Palibe kuwotcherera, palibe oyilo. Mnzanga akuti aitanitsa.

Aphunzitsi_Tsangano
Muuzeni asataye ndalama. Kuuzira mpweya ndi kuupanikiza n'zosiyana. Kuti mupanikize mpweya wokwanira injini ya 1.3 ikuthamanga, pa 0.4 bar, pamafunika makilowati atatu kapena anayi. Pa mavoti 12 amenewo ndi ma amp pafupifupi 300. Alternator ya galimoto yaing'ono imapereka 60 kapena 70. Kafani kaja kali ndi waya wowonda ngati wa wailesi. Injini ikakwera ma rev imakoka mpweya wambiri kuposa umene kafaniko kangakankhe, ndiye kamasanduka chotchinga.

DizeloMoatize
Ndipo phiko la pulasitiki likathyoka limapita molunjika ku mavavu.

Chitsulo_Dedza
Moni abale a tsidya lino, ine ndili ku Dedza, pa Calomue ndimadutsa pafupipafupi. Ndinachitapo pa 4E-FE ndipo galimotoyo ikuyendabe, chaka chachitatu tsopano. Ndinena zonse, zokoma ndi zowawa.

Sindinatolere zitsulo za magalimoto osiyanasiyana. Ndinadikira mpaka nditapeza Glanza yogundidwa kumbuyo, ndinatengako turbo yake ya CT9, manifodi, mainjekita, pampu ya petulo, kompyuta, sensa ya MAP ndi mawaya onse. Injini yake inali itagulidwa kale ndi wina, apo ayi ndikanangoika yonse. CT9 ndi yaing'ono, imadzuka msanga, ndiyo imagwirizana ndi 1.3. Chifukwa mapisitoni anga ndi a 9.6 aja, sindipitirira 0.4 bar, ndipo ndinaika geji pa dashibodi imene ndimaiyang'ana kuposa sipidomita.

Pa oyilo mpamene ambiri amagwera. Turbo imazungulira kupitirira 100,000 pa mphindi, itayandama pa oyilo. Wopita ndinamutenga pa kaswitchi ka oil pressure, ndi paipi yachitsulo, osati ya labala, chifukwa imadutsa pafupi ndi moto. Wobwerera alibe chomukankha, amangotsika yekha. Ndiye paipi yake ikhale yonenepa, yotsetsereka, ndipo ilowe mu sampu pamwamba pa pomwe oyilo amalekezera. Ine ulendo woyamba ndinaboola m'munsi. Oyilo ankabwerera m'turbo n'kumatulukira ku ekizozi, utsi wabuluu ngati ndikuwotcha matayala. Ndinamasulanso sampu, kutseka, kuboola pena. Poboola muichotse sampuyo, tizitsulo ta dirilo tikatsalira mkati tikadya mabering'i.

Zowawa zake nazi. Kilatchi inayamba kuterereka mwezi woyamba. Rediyeta ndinasintha n'kuika yokulirapo. Oyilo ndimasintha msanga kuposa kale. Ndikafika paulendo sindizimitsa pompo, ndimaisiya ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo asapserere m'turbo. Petulo imamwa bwino ukamayenda mofatsa, koma phazi likalemera thanki imatsika ukuona. Ndalama zonse nditawerengera zinapitirira mtengo wa injini ina yathunthu.

Ndipo chachikulu n'chakuti yanga sinyamula katundu. Ndimakwera ine ndi mkazi wanga. Turbo imakankha masekondi khumi ndikamapitirira lole, kenako imapuma. Yanu izikankha mphindi khumi osapuma pa chitunda, itasenza. Kutentha kwake n'kosiyana kutalitali.

MwanaWaZobue
Mwaona, zimatheka! A Chitsulo anena okha, chaka chachitatu.

Chitsulo_Dedza
Werenganinso ndime yomaliza achimwene.

Kachewere77
Funso langa n'lina. A WaDomue, mumaika matumba angati m'ka Starlet?

WaDomue
Asanu a mbatata ndikachotsa mpando wakumbuyo. Nthawi zina asanu ndi limodzi.

Kachewere77
Matumba athu a ku Angonia ano, osokerera mutu pamwamba aja? Ndiye mwatsala pang'ono kufika theka la kulemera kwa galimoto yeniyeniyo, pakuti Starlet siifika ndi tani imodzi yomwe. Musadandaule za kukwera, dandaulani za kutsika. Kumbuyo kuli mabuleki a dramu ang'onoang'ono.

MlimiWaMbatata
Nanga atani? Ukapereka kwa a malole amakudula pa thumba lililonse, ukagulitsa pamunda ogula amatchula okha mtengo. Chaka chino feteleza tagula modula, mankhwala a chiwawu modula, pofika pa msika wa Kwachena ku Tete mbatata zachuluka, aliyense wakumba nthawi imodzi. Munthu akapeza kagalimoto kake amafuna kadzipindulira.

NaPhiri_Ulongue
Zoona zimenezo. Ife tinayamba kusunga zina mpaka Disembala, koma zimafuna nyumba yozizira ndi yamdima, apo ayi zimamera.

MlimiWaMbatata
Mumathira chiyani kuti njenjete zisalowe mayi?

Magetsi_Furancungo
Abale, tachoka pa turbo tafika pa njenjete.

Mestre_Matundo
Tibwerere. Pali chinthu china chimene palibe watchula, petulo amene timathira. Kumidzi kwathuku ambiri timagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu chifukwa bomba, pothirira petulo, ili kutali. Ena ogulitsa ndi okhulupirika, koma ine ndinatsitsapo thanki ya kasitomala n'kupeza fungo la parafini. Injini wamba imapirira, imangofooka. Ya turbo yokhala ndi mapisitoni a 9.6 siipirira botolo limodzi loipa pa chitunda.

A Chitsulo, junta ya kabesa munasintha?

Chitsulo_Dedza
Junta ndiye chiyani a Mestre?

DizeloMoatize
Gasiketi ya silinda hedi. Kuno timati junta. Inu mukati injini yanoka ife timati yagiripa.

Chitsulo_Dedza
Oho. Ndinaika yatsopano, ndipo hedi ndinakapalitsa ku Lilongwe. Tsiku lina ndinavutika pa Ulongue kufuna mapulagi, mnyamata wa m'sitolo sankandimva mpaka wina anati ndikufuna mavela.

Estima_Chifunde
Bwanji osaganizira supercharger m'malo mwa turbo? Imayendetsedwa ndi lamba kuchokera ku kirankishafuti, ndiye imakankha kuyambira pansi, pomwe a WaDomue akufunira mphamvu. Siikhudza ekizozi, ndipo ili ndi oyilo wakewake, palibe kuboola sampu. Estima zakale zija za injini yogona pansi pa mipando, 2TZ-FZE, zili ndi SC14. Palinso SC12 ya pa 4A-GZE, ndi kakang'ono ka Aisin AMR500 kochoka pa timagalimoto ta 660 cc. Ndinaona wina ataika pamalo pa kompuresa ya AC.

DizeloMoatize
SC14 imakankha pafupifupi malita 1.4 ikazungulira kamodzi, yakulira 1.3 pokhapokha muichedwetse ndi pule yaikulu. AMR500 ndiye ingayenere. Koma chitsulo choigwirizira chikhale chokhuthala ndipo mapule ayang'anizane ndendende, kukhota pang'ono lamba azidumpha kapena kudyeka mbali imodzi. Komanso imadya mphamvu ya injini yomweyo kuti izungulire.

Mestre_Matundo
Ndipo funso la petulo likadali pomwepo. Kaya mpweya wakankhidwa ndi utsi kaya ndi lamba, sensa ija siiona. Ena amaika regulator yokweza mphamvu ya petulo turbo ikayamba kukankha, ena amaika injekita yachisanu. Zimagwira pa 0.3 kapena 0.4 bar, koma popanda geji ya wideband yokuuzani kuti petulo akukwana, mukuyenda usiku opanda nyali. Ndani ali nayo geji imeneyo ku Domue?

Tsopano ndibwerere ku madzi aja. A WaDomue, galimoto imene imamwa madzi sabata iliyonse ndi kutentha pa chitunda ikudwala kale. Mawa m'mawa injini ili yozizira tsegulani chitsekerero cha rediyeta, lizani, muone ngati mukutuluka thovu. Kenako pitani pa Ulongue mupeze wokhala ndi geji ya compression. Injini itenthe, mavela onse anayi achoke, phazi pansi pa accelerator, muyeze silinda iliyonse. Kumtunda kwanuko manambala amatsikirapo pang'ono chifukwa cha zomwe anena aphunzitsi, ndiye chachikulu muone kusiyana kwake. Zisasiyane kupitirira 1 bar. Muyang'anenso rediyeta kutsogolo ndi tochi, ndi fyuluta ya mpweya. Mubwere ndi manambala, osati nkhani.

MwanaWaZobue
Madala mumakonda kuopseza. Ife achinyamata tiphunzira bwanji ngati chilichonse n'choletsedwa?

Mestre_Matundo
Sindinaletse mwana wanga. Ine ndinaphunzira poswa zinthu, ndipo ndikufuna nawenso uphunzire. Peza injini yakale imene palibe akuidalira, uiike pa matabwa kuseri kwa nyumba, ubwere ndikupatse ndi manifodi yomwe ndili nayo. Uiphulitse kawiri, kachitatu idzayenda. Koma iyi ndi imene imagula ufa kwa a WaDomue.

MwanaWaZobue
Manifodiyo ndibwera kudzatenga, musadzakane.

Estima_Chifunde
Njira ina yachidule ndi 5E-FE, ya 1.5, yochoka pa Tercel, Corsa kapena Raum yoyamba. Ndi banja limodzi ndi 4E, imakhala pa mamaunting'i omwewo ndi giyabokosi yomweyo. Sitiroko yake ndi yaitali, ndiye imakoka bwino pansi. Kungoti livrete, chikalata cha galimoto, imalemba za injini, ndiye mukasintha mukakonzetse mapepala ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, musadzavutike poyezetsa galimoto pa inspecção kapena pamsewu.

WaDomue
Ndabwerako abale, pepani ndinasowa masiku awiri. Thovu likutuluka, lochepa koma losalekeza. Manambala ndi awa: yoyamba 11, yachiwiri 10.5, yachitatu 7.5, yachinayi 11. Vela ya yachitatu inatuluka yoyera mbee ngati yatsukidwa, zinzake zili zofiirira. Rediyeta titaiunika, theka la m'munsi linali lomatika ndi matope ndi mankhusu, mpweya sumadutsa n'komwe. Fyuluta ya mpweya titaimenya pansi panatuluka fumbi lodzaza dzanja.

Ndinakambanso ndi mayi a kunyumba monga munanenera a NaPhiri. Sankadziwa n'komwe kuti chili m'chitenje chawo n'chiyani.

Mestre_Matundo
Vela yoyerayo yatsukidwa ndi nthunzi, madzi anu akulowa mu silinda yachitatu. Junta yapita. Mwakhala mukukwera Mussacama ndi masilinda atatu ndi theka. Mukanaika turbo pamenepo simukanafika ndi masiku 19 a mayi aja. Tsitsani kabesa, mukaiyezetse ngati yapindika, aipale ngati pakufunika, mavavu awagirayinde, junta ikhale yabwino osati yotchipa. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench motsatira ndondomeko, osati ndi paipi. Lamba wa timing musinthiretu poti mwatsegula kale.

NaPhiri_Ulongue
Mwachita bwino kuwauza. Anati chiyani?

WaDomue
Anati chitenje chibwerere, ndipo galimoto ikonzedwe isanafike nthawi yokumba.

Koma ndinene zoona, maganizo aja sanandichoke. Ndikonza kaye injini ndione mmene ikokere ikakhala ndi masilinda onse anayi. Ikakhalabe yofooka ndiyamba kufunafuna 5E. A Chitsulo, mukadzamva za Glanza ina yogundidwa mundidziwitse, mwina tsiku lina ndidzakhala ndi galimoto yachiwiri yoti ndiyeserepo. CT20 ija ndikuigulitsa pa mtengo womwe ndinagulira.

Hilux_Macanga
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kudikira mawu amenewa. Yanga ya 2L-T ikutaya oyilo ku turbo kuyambira Juni. A DizeloMoatize, kachizindikiro ka pa phiko kaja n'koopsa?

DizeloMoatize
Ngati sipanabenthuke ayi. Koma musanaimange tsukani paipi ya oyilo kapena muike ina, mwina ndi imene inapha yanuyo. Muthire oyilo pakamwa pake n'kuzunguza ndi chala musanalize injini.

Hilux_Macanga
A WaDomue, Loweruka ndikhala pa Ulongue kuyambira m'mawa, pafupi ndi pokwerera machapa, ma minibasi a ku Tete. Mubwere nayo.

WaDomue
Ndibwera pa njinga yamoto ya mlamu wanga, Starlet ikhala itatsegulidwa kale. A Mestre, kabesa ndikaitsitsa ndijambula ndikutumizireni muione musanandiuze kopita nayo.